Mzere Wowongoka wa Apenti

Anakiyi anali atatikita mkono wa shati ya amuna awo katatu konse, koma banga lofiira silinkachoka. Pambali pa beseni panali mulu wa mayunifolomu a ana atatu, matewera a wakhanda, ndi mabulangete awiri amene anakhala akuwazemba kuyambira mwezi watha. Msana unali utayamba kale kudandaula. Anapakanso sopo.

"Odi kuno! Kapena ndigogode ndi ndowa?"

Anali alamu awo, mlongo wa amuna awo. Anthu ankawatchula Anabakha chifukwa cha abakha makumi atatu amene ankaweta kumunsi kwa mtsinje, pafupi ndi dambo. Anaika ndowa pansi mwamphamvu, kuti aliyense amve kuti mulibe kanthu.

"Fikani, alamu. Koma ngati mwabwera kudzacheza, tengani bulangete limodzi tichezere m'thovu."

"Ndabwera kudzapempha madzi."

"Madzi? Inu okhala m'madzi ngati achule?"

"Achulewo anasamuka, sanatsanzike n'komwe. Mtsinje waima, alamu. Kuyambira dzana sukufika kwathu. Dziwe latsala matope okhaokha, tinsomba tagona chagada, akhwangwala akuchita phwando. Bango layamba kuyera. Lero chitsime chandipatsa theka la ndowa, nalonso lakuda bii. Abakha anga akungondiyang'ana ngati ndamwa ndine."

Anakiyi anatulutsa manja m'beseni.

"Sizingatheke. Madzi ali pamzere. Ndaona ndekha m'mawa uno ndisanatsegule."

Dzina la Anakiyi linabwera ndi ntchito. Alimi makumi awiri ndi anayi a gulu la mthirira ankapatutsa madzi a mumtsinje kudzera pa chitseko chachitsulo cholowera m'ngalande, ndipo kiyi wa loko wa chitsekocho ankakhala pakhosi pa mayiwa, pa chingwe cha nsapato. Pafupi ndi chitsekocho, m'madzi momwemo, munali chipilala cha simenti chokhala ndi mzere wofiira. Lamulo linali losavuta, ngakhale mwana akanalimva. Madzi akakhala pamzere kapena pamwamba, chitseko chizitsegulidwa tsiku lonse. Akatsika, chizitsegulidwa maola awiri okha m'mawa, otsalawo apite kumunsi. Alangizi a zaulimi amene anabwera ndi lamuloli zaka zitatu zapitazo ananena mawu amene anthu ankawabwereza moseka: "Mtsinje nawo ndi membala wa gulu lino. Vuto lake subwera ku misonkhano, ndiye gawo lake muzimusungira ndinu."

"Mzere wake uti?" anafunsa Anabakha. "Wokongola uja?"

Anakiyi anayang'ana mkono wa shati uli m'thovu.

Mzere wakale anaulemba alangizi omwewo, ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Unali wokhotakhota, penti itayenderera m'munsi, moti anthu ankautchula mzere wa chidakwa. Koma masiku asanu ndi anayi apitawo amuna a Anakiyi anabwera kunyumba akuimba mluzu, n'kunena kuti chipilala chachita ndere, achipala, achipaka penti yoyera, ndipo mzere auwalitsa. Bambowa kale ankalemba zikwangwani za mashopu, n'chifukwa chake ankatchedwa Apenti. Anakiyi anali atawathokoza tsiku limenelo. Anawaikiranso shuga wowonjezera mu tiyi.

"Tungani m'diramumo, alamu, mudzaze ndowa," anatero akupukuta manja pa diresi. "Mwana ali mtulo. Akadzuka mumunyamule. Ndikubwera."

"Ine ndikuchoka pano ndikupita kwa Atcheya a gulu lanulo. Si ine ndekha, onse a kumunsi akwiya. Tikufuna msonkhano lero lomwe."

"Mupite ndikabwerako. Atcheya sathawa, mimba ija singawalole."

Kuchitseko kunalibe munthu. Madzi ankalowa m'ngalande mokondwa, akuimba nyimbo yawo. Amene ankapitirira kumunsi anali kamkwasa kochepa ngati kotuluka m'ketulo. Chipilala chinali mbee, mzere wake uli psuu, wowongoka ngati wa m'kope la mwana wasukulu, ndipo madzi ankaunyambita m'munsi mwake ndendende.

Anakiyi anavula masilipasi, anakweza diresi, n'kulowa m'madzi. Anakwera pa tsinde la simenti la chipilalacho n'kugunditsa mwendo wamanzere.

Pansi pa bondo lawo panali chipsera cha khasu cha paubwana. Tsiku limene alangizi ankalemba mzere, Anakiyi ndi amene anaimirira pa tsinde lomwelo atagwira chitini cha penti, ndipo mzerewo unalingana ndi chipseracho. Alangizi anaseka n'kuuza gulu lonse kuti, "Penti ikadzafufutika musadzavutike kundiitana, mudzayezere mwendo wa mayiwa." Aliyense anaseka. Amene sanaseke ndi Apenti okha, chifukwa kunalibe. Anakana kubwera atamva kuti ntchito ya penti apatsa munthu wa zaulimi iwo alipo.

Tsopano mzere unali pakati pa msongolo. Anakiyi anayeza ndi dzanja. Chikhatho chathunthu, ndi chala chimodzi pamwamba.

Anatuluka m'madzimo n'kupita kukafuna amuna awo.

Anakiyi anawapeza Apenti m'munda, akumangirira tomato ku timitengo. Mizere inali khumi ndi iwiri, yobiriwira bwino, maluwa ali mbwee, kwina zipatso zitayamba kuoneka ngati mazira a njiwa. Mfundo iliyonse ya chingwe inali yofanana ndi inzake. Bambowa chilichonse ankachita mwaudongo, ngakhale kuba kumene.

"Bambo a ana, tabwerani mundione mwendo."

"Masana ano, mayi? Anthu akuona."

"Mwendo ndati."

Anawaonetsa chipsera, kenako anawaonetsa pamene madzi anasiya chinyezi pa msongolo, n'kuwafotokozera za nthabwala ya alangizi. Apenti anamvetsera chingwe chili m'kamwa. Anachilavula pang'onopang'ono.

"Palibe anandiuza zimenezo."

"Mukanabwera mukanamva. Munali kunyumba mukufufuma ngati mtanda wa buledi."

"Ndinangotsitsa pang'ono."

"Pang'ono pa chipilala ndi dziwe lonse kwa mlongo wanu. Chitsime chake chauma. Wabwera kwathu ndi ndowa ngati wopemphetsa."

Apenti anakhala pansi pa mzere wa dothi. Anavula chipewa n'kumachizunguza pa bondo.

"Mayi, inu mukudziwa. Mashopu onse masiku ano zikwangwani amasindikiza pa makina. Chaka chatha chonse ndalemba chimodzi, cha munthu wogulitsa mabokosi a maliro. Mabulashi anga auma. Chimene chatsala m'manja mwanga ndi tomatoyu. Ndinaona madzi akutsika, maluwa akuyamba, ndiye mumafuna ndipinde manja ndizionerera akufota chifukwa cha achule?"

"Za achule ine sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku asanu ndi anayi ndakhala ndikudzuka m'mawa, mwana kumsana, kukauza anthu kuti madzi ali pamzere. Ndi pakamwa panga pano. Mukanaba ndi manja anu ndikanati ndi zanu. Koma mwabera m'manja mwanga."

"Musanene, mayi. Chonde. Mawa ndilawirira, ndikaubwezera pamalo pake. Palibe adziwe."

"Msonkhano ndi lero."

"Ndiye mungokhala chete lero lokha. Lamulo mukulidziwa inu kuposa ine. Wogwira chitseko kapena mzere, masabata awiri osathirira. Dzuwa lake lino? Masabata awiri tidzakolola timitengo tokhatokha."

Anakiyi anayang'ana mundawo. Mbande zake anafesa okha m'mabeseni obooka kuseri kwa nyumba. Anawokera ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu, akugwada chifukwa kuwerama kunkakanika. Nsapato za ana a sukulu zinali m'maluwa amenewo, ndi malata awiri a pamwamba pa bedi amene ankadontha. Anangoti, "Mwamanga mfundo zokongola," n'kubwerera kukayamwitsa.

Msonkhano unachitikira pachitseko pomwepo, dzuwa litapendeka pang'ono. Alimi anakhala pa khoma la ngalande, a kumunsi anaimirira paokha ndi ndowa zawo. Anabakha anabwera atanyamula bakha mmodzi m'khwapa.

"Ameneyo ndi mboni?" anafunsa Atcheya.

"Ndi wodandaula. Ine ndangomuperekeza."

Anthu anaseka. Atcheya anali bambo wa anyezi wambiri, munda wawo unali woyamba pa ngalande. Anadikira kuti phokoso lithe, n'kuloza chipilala ndi ndodo.

"Abale, tisatayane nthawi. Tonse tili ndi maso. Madzi ali pamzere. Ife lamulo tikulitsata. Ngati kumunsi kwauma, mlandu ndi wa dzuwa, ndipo dzuwa si membala wathu. Mayi a abakha, pepani, koma chaka chikavuta munthu amasamutsa ziweto."

"Ndizisamutsire kuti? M'munda mwanu mwa anyezi? Ndamva muli madzi ofika m'akakolo."

"Mayi, pano si pamsika."

"Pamsika bola, wakuba amamuthamangitsa."

Panabuka phokoso. Wina wa kumunsi anakuwa kuti mwina wosunga kiyi amatsegula mopitirira. Wina wa m'gulu anayankha kuti a kumunsi ndi ansanje, wakwiya ndi mfiti. Atcheya anamenya ndodo pa chitsulo.

"Basi! Tili ndi munthu amene tinamusankha tokha, sananamepo. Anakiyi, tauzeni anthuwa pakamwa panu. Madzi ali pamzere kapena sali pamzere? Mukanena, nkhani yatha, mawa titsegula monga mwa masiku onse."

Onse anatembenuka. Apenti anali kumapeto kwa khoma, maso ali pa zala za kumapazi. Anabakha ankayang'ana alamu awo, bakha nayenso akuyang'ana ndi diso limodzi.

Anakiyi anamva kiyi akuzizira pachifuwa. Masiku asanu ndi anayi aja ananena bodza asakudziwa, ndipo linali lopepuka. La lero anayesa kulinyamula m'kamwa, linakana kukwera. Anamasula mwana kumsana n'kumupereka kwa mayi amene anali pafupi.

"Tandigwirireni."

Anavula masilipasi. Analowa m'madzi, anakwera pa tsinde la chipilala, anakweza diresi mpaka m'bondo n'kugunditsa mwendo. Chipsera chinali pamwamba, mzere unali pansi, ndipo pakati pake pankakwana dzanja la munthu wamkulu.

Ngalande yokha ndi imene inapitiriza kuimba.

"Kapena mayiwa atalika," anatero bambo wina wa kabichi, mawu ali pansi.

"Pa msinkhu wanga munthu satalika, achimwene, amafupika. Funsani msana wangawu."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa m'mphuno. Atcheya anatsokomola.

"Ndiye... ndiye wasuntha mzere ndani?"

"Atcheya, musandivutitse. Mudzi wonse uno ndani angalembe mzere wowongoka chonchi pa simenti yonyowa, popanda lula?"

Apenti anaimirira. Chipewa chinali m'manja.

"Ndine," anatero. "Mayiwa samadziwa. Ndinawauza kuti ndangowalitsa." Anayang'ana mlongo wawo. "Achemwali, ndakulakwirani."

"Mwalakwira uyu," anatero Anabakha akukweza bakha. Koma mawu awo anali atafewa. "Achimwene, amayi athu ankatichapira pa dziwe lija. Inu munaphunzirira kusambira pomwepo, mukulira ngati mbuzi. Mwaiwala?"

Apenti anakhalanso pansi pa khoma paja.

Atcheya anawongola shati pamimba. Mlandu unali utapeza mwini wake, ndipo mawu awo anabwerera mphamvu.

"Lamulo ndi lamulo. Masabata awiri munda wa Apenti osalandira madzi a m'ngalande. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Talandira," anatero Anakiyi, akadali m'madzi. "Sindikupempha kuti mutichotsere ngakhale tsiku. Koma ndisanatuluke muno, ndifunse kamodzi. Zaka zitatu takhala tikuseka mzere wa chidakwa. Tsiku lina tadzuka chidakwa chasiya mowa, chawongoka. Madzi amene amatsika tsiku ndi tsiku aima malo amodzi kudikira ife. Amene sanadabwe akweze dzanja."

Palibe dzanja linakwera. Bambo wa kabichi anayamba kuchotsa minga imene panalibe pa buluku lake.

"Ine ndikweza langa theka," anapitiriza. "Ndinadabwa tsiku lachitatu. Ndinati, dzuwa lonseli madzi osatsika? Koma tomato wanga ankamwa, ndiye ndinasiya kudabwa. Amuna anga anaba, inde. Koma tadya tonse, makumi awiri ndi anayi. Membala amene sabwera ku misonkhano uja tamudyera gawo lake masiku asanu ndi anayi, chifukwa alibe pakamwa."

"Ndiye mukuti titani?" anafunsa Atcheya, ndodo ili pansi.

"Ine nditseka chitsekochi pompano. Masiku atatu chisatsegulidwe n'komwe, dziwe limwe kaye. Kenako maola awiri m'mawa, monga mwa lamulo. Amene akuopa kuti mbewu zake zipsa, udzu ndi mapesi zili mbwee m'minda, aphimbire nthaka. Alangizi anatiphunzitsa, tinangogwedeza mitu. Ndipo zothirira masana dzuwa lili pamutu, madzi n'kumathera m'mwamba, zithe. Mukakana, kiyi wanu nayu."

Anavula chingwe pakhosi n'kuchitambasula. Kiyi analendewera pamwamba pa madzi.

Panali kung'ung'udza. Wina anati masiku atatu ndi ambiri, awiri bola. Mayi wina wa kumunsi anayankha kuti iwo atha kale atatu akumwa matope, ndipo sanafe, anyezi nayenso safa. Atcheya anayang'ana uku ndi uku kufuna woti alandire kiyi. Aliyense anapeza chochita ndi manja ake.

"Kiyi ameneyo ndi wolemera," anatero mayi amene ananyamula mwana uja. "Bwezerani pakhosi pomwepo. Enafe makosi ndi ofooka."

Chitseko chinatsika ndi kulira kwa dzimbiri. Nyimbo ya m'ngalande inachepa, n'kutha. Kamkwasa ka kumunsi kanayamba kunenepa anthu akuona, kakukankha masamba ouma patsogolo pake.

Apenti anatumidwa kukatenga penti nthawi yomweyo, anthu asanabalalike. Anakiyi anaimiriranso pa tsinde, diresi m'manja, amuna awo atagwada m'madzi kutsogolo kwawo, akuika chizindikiro ndi pensulo.

"Musanjenjemere, mayi."

"Madzi akuzizira. Fulumirani, ndasiya zochapa."

"Ndiukhotetse ngati wakale uja?"

"Uwongoleni mmene mumathera. Koma pamalo pake."

"Onani chikondi," anatero bambo wa kabichi. "Ine akazi anga sindinawagwadirepo chonchi."

"Yambani mwaba, mudzagwada," anayankha Anabakha.

Pobwerera anadzera kumunda. Anakiyi anayenda m'mizere yonse khumi ndi iwiri akugwira masamba. Kenako anazula kamtengo n'kukazika kumapeto kwa mzere wachinayi kuchokera ku njira.

"Iyi inayi ndi imene tingathe kuithirira pamanja ndi kheni. Madzi otsukuluzira zovala, otsukira mbale omaliza, osambitsira mwana, onse azibwera kuno. Mawa mumwete udzu, muphimbire mpaka dothi lisaoneke."

"Nanga isanu ndi itatu iyi?"

"Muphimbirenso. Ikapirira masabata awiri ndi mwayi wake. Ikafa, yafa. Musandifunsenso, mutu ukundiwawa."

Apenti anayang'ana mizere isanu ndi itatu ija, ndi mfundo zake zofanana. Kenako anafunsa kumene kunali chikwakwa, ngakhale ankadziwa.

Kunyumba thovu linali litaphwa, madzi a m'beseni atachita kakhungu pamwamba. Nkhuku inali itayenda pa matewera. Ana a sukulu anali atabwera, akufunsa ngati mayunifolomu auma pofika mawa. Anakiyi anawauza kuti amene akufuna youma aipemerere yekha.

Anabakha anafika pambuyo, bakha atamutula panjira kwa mnzawo. Anakoka beseni lachiwiri, anatenga bulangete limodzi pamulu, n'kulimiza.

"Madzi otsukuluzira musataye," anatero Anakiyi. "Muzithira mu diramu laling'onolo."

"Ndamva kale. Dziwe likadzaza ndidzakutumizirani a m'chitsime, ndowa ziwiri patsiku. Osati chifukwa cha achimwene. Ndimafuna tomato wa ulere."

"Mudzadya wa mizere inayi, muzidzawerenga."

Anakiyi anakhala pa kampando kawo, anavuula shati ija n'kuyang'ana mkono wake. Banga linali pompo, lofiira ngati m'mawa. Analipaka sopo, analitikita kawiri, n'kulisiya. Anaifinya shatiyo momwemo n'kuiponya m'madzi otsukuluzira. Kenako anakoka tewera loyamba pamulu. Mulu sunaoneke kuti wachepa.